Chikalata cha EDI chikasowa panjira: mmene mungachilondolere kuchokera mu SAP mpaka kwa kasitomala

Foni yotere imakonda kulira Lachisanu madzulo kapena kumapeto kwa mwezi. A ku ofesi ya zachuma akuti invoisi inatuluka Lachiwiri, koma kasitomala wa ku Johannesburg akuti sanaione, ndipo salipira mpaka itaonekera mu sisitimu yawo. Mwinanso ndi a kosungira katundu: lole yaima pageti kuyambira m'mawa, dalaivala watopa n'kudikira, oda yoti apakire sinafike. Onsewa pempho lawo limakhala limodzi: "Tangotumizaninso." Chonde musathamangire kutero. Ngati simukudziwa pamene chikalata chaima, chachiwiricho chikaimanso pomwepo. Choopsa kwambiri n'chakuti choyamba chija chikhoza kudzuka n'kukafika limodzi ndi chinzake, kasitomala n'kulandira ma invoisi awiri a katundu mmodzi, kapena malole awiri kunyamuka pa oda imodzi.

EDI ndi njira imene makompyuta a makampani awiri amatumizirana okha zikalata za malonda, monga ma oda ndi ma invoisi. Chikalata cha EDI chimadutsa m'manja anayi. Chimabadwira mu sisitimu ya kampani, monga SAP, pulogalamu yoyendetsera malonda ndi zachuma, mmene chimatchedwa IDoc. Chimapita kwa mkhalapakati, middleware, amene amachisandutsa kuti chikhale m'chinenero chimene mbali inayo imamva, kawirikawiri UN/EDIFACT kapena ANSI X12. Kenako chimayenda pamsewu wa AS2 kapena SFTP, njira zotumizira mafayilo pa intaneti, n'kukalowa mu sisitimu ya anzathuwo. Ntchito yanu ndi kupeza dzanja lomaliza limene linachigwira. Ine ndizitchula za SAP ndi SAP PI/PO, mkhalapakati wa SAP, chifukwa n'zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku, koma amene muli pa BizTalk, MuleSoft, Boomi kapena IBM Sterling, kalondolondo wake ndi yemweyu, mayina a mawindo okha ndi amene akusiyana.

Yambani ndi mafunso, kompyuta ibwere pambuyo

Amene wakuimbiraniyo akupatseni nambala ya chikalata, dzina la kasitomala, tsiku ndi ola limene chinatumizidwa, komanso ngati chikutuluka kwa ife kapena chikubwera. Mukatero funsani funso limene limadula ntchito pakati: chasowa n'chimodzi chokha, kapena zonse? Zikakhala kuti zikalata za makasitomala onse zaima, vuto lili kwathu, mwina pakati pa SAP ndi mkhalapakati, kapena netiweki yagwa. Zikakhala za kasitomala mmodzi koma zonse, ganizirani za msewu wopita kwa iye: satifiketi ya chitetezo, pasiwedi, adiresi. Chikakhala chimodzi pakati pa zambiri zimene zadutsa bwinobwino, vuto lili m'kati mwa chikalatacho, ndipo musataye nthawi kuvutitsa a netiweki.

Funsaninso kuti chasintha n'chiyani sabata ino. Ambiri amayankha kuti palibe. Limbikirani mwaulemu. Katundu watsopano, nthambi yatsopano ya kasitomala, kampani ya intaneti yasinthidwa, seva inazima magetsi atathima n'kuyatsidwanso: zonsezi anthu saziwerengera ngati kusintha, koma ndiye magwero a mavuto ambiri.

Pa nkhani ya ola chenjerani. Ife tili pa UTC+2, maola awiri patsogolo pa nthawi ya dziko lonse ya UTC, chimodzimodzi ndi South Africa, koma ma log a maseva ambiri, momwe amalemba zonse zochitika, makamaka a pa cloud, amalemba nthawi ya UTC. Invoisi imene inatuluka 9 koloko m'mawa kuno muipeza pa 07:00 mu log. Ndaonapo munthu akulumbira kuti uthenga kulibe, chikhalirecho akufufuza pa ola lolakwika.

Kenako onani ngati chikalatacho chinatulukadi mu SAP

Tsegulani WE02 kapena WE05 (mayina otere ndi makodi otsegulira mawindo a mu SAP), sefani ndi tsiku, mtundu wa uthenga monga INVOIC, ORDERS kapena DESADV, ndi nambala ya kasitomala. Ngati IDoc palibe n'komwe, EDI siinayambe ntchito. Bwererani ku chikalata chenichenicho, mwachitsanzo invoisi mu VF03, muone mbali ya output ngati uthenga unapangidwa. Nthawi zambiri mupeza kuti kasitomala watsopanoyo palibe anamulembera condition record, lamulo louza SAP kuti ipange uthengawo, kapena uthengawo wafiira ndipo log yake ikunena chifukwa.

IDoc ikakhalapo, werengani nambala ya status yomaliza. Status 30 ikutanthauza kuti yakonzeka koma ikudikira kutumizidwa. Apa onani mu WE20 ngati kasitomalayo anaikidwa kuti ma IDoc ake aziunjikidwa kaye, ndiye muone mu SM37 ngati ntchito ya RSEOUT00, imene imatumiza ma IDoc ounjikidwawo, ikuyendabe. Zimachitika kuti ntchitoyi inalembedwa m'dzina la munthu amene anasiya ntchito, akaunti yake n'kutsekedwa, ma IDoc n'kumangounjikana ngati matumba a chimanga opanda lole. Status 29 kawirikawiri imaloza ku partner profile (kaundula wa kasitomala wa mu WE20) imene palibe kapena yalembedwa molakwika. Status 26 ndi kalembedwe ka IDoc kolakwika, monga segment (chigawo cha uthenga) yofunikira kusowa. Status 02 ndi kulephera kupereka IDoc ku port, khomo lotulukira mu SAP, choncho onani WE21 ndi SM59.

Imene imapusitsa anthu ndi 03. Imaoneka yobiriwira, ndipo a zachuma akaiona amati zatheka. Koma 03 ikungonena kuti SAP yapereka IDoc ku port, basi. Sikunena kuti mkhalapakati walandira. Pitani ku SM58 muone ngati tRFC, njira imene SAP imaperekera IDoc kwa mkhalapakati, yakakamira, ndipo musaiwale kuika nyenyezi pa dzina la user ndi kubwezera tsiku m'mbuyo, apo ayi muona tsamba loyera n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino. Mukapeza mzere wofiira, uthenga wake umanena mosabisa: pasiwedi ya user wa RFC yatha, akaunti yatsekedwa, kapena seva inayo siikuyankha. Yesani kulumikizana mu SM59, ndipo muyese zonse ziwiri, connection test ndi authorization test, chifukwa yoyambayo imatha kudutsa ngakhale pasiwedi ili yolakwika.

Mukatsimikiza kuti chatuluka, pitani kwa mkhalapakati

Fufuzani uthengawo mu monitor ya mkhalapakati pogwiritsa ntchito nambala ya IDoc kapena ola lija. Pa PI yakale ya mbali ziwiri ndi SXMB_MONI, pa PO ndi Message Monitor ya pa browser. Pano pali zinthu zitatu zimene zimakonda kuchitika.

Choyamba, uthenga wasowa kolowera. Mkhalapakati amasankha njira poyang'ana wotumiza, wolandira ndi mtundu wa uthenga, ndiye nambala ya kasitomala ikasiyana pang'ono ndi imene inalembedwa m'malamulo a njira, amanena kuti wolandira sanapezeke.

Chachiwiri ndi mapping, kumene IDoc imasandulika EDIFACT kapena X12. Musakhutire ndi mawu ofiira a pamwamba. Koperani payload, zam'kati zenizeni za uthenga wolepherawo, mukaiyese mu mapping pa sisitimu yoyesera, ndipo muiike pambali pa ina ya kasitomala yemweyo imene inadutsa dzulo. Maso anu apeza kusiyana msanga kuposa log: malo a tsiku ali opanda kanthu, muyezo wa katundu umene tebulo lomasulira silikuudziwa, kapena segment imene imabwera kamodzi lero yabwera kawiri. Ngati a ABAP, olemba mapulogalamu a mu SAP, anawonjezera field ku IDoc posachedwa, kumbukirani kuti mkhalapakati amasunga chithunzi chakale cha IDoc, ndipo mpaka metadata itatsitsidwanso, pa PI yakale kudzera mu IDX2, iye aziona zakale zomwezo.

Chachitatu ndi mzere. Mauthenga ena anaikidwa kuti aziyenda motsatana, EOIO, kuti oda isapitiriridwe ndi kusintha kwake. Woyamba akagwa, onse a m'mbuyo amaima. Muona mauthenga ambirimbiri ali pa Holding, kapena mzere uli pa SYSFAIL mu SMQ2. Musalimbane ndi a m'mbuyowo, alibe mlandu. Pezani woyamba pamzere, mukonze iyeyo, enawo ayenda okha. Ndipo musafufute mzere kuti tsamba liyere. Aliyense mwa mauthenga amenewo ndi oda kapena invoisi ya munthu.

Tsopano msewu

Mapping ikadutsa, funso ndi lakuti fayilo inafika pakhomo pa anzathuwo kapena ayi. Pa AS2, imene malamulo ake ali mu RFC 4130 ya 2005, umboni ndi MDN, kalisiti kamene seva yawo imabweza. MDN ikabwera ndi mawu akuti processed popanda error, fayilo inafika, inatsegulidwa, ndipo siginecha inagwirizana. Ikanena za decryption-failed, ndiye kuti tinatseka fayilo ndi satifiketi yawo yakale kapena yolakwika. Ikanena authentication-failed, iwo akulephera kutsimikiza siginecha yathu, mwina tinasintha satifiketi osawauza. MDN ikapanda kubwera n'komwe, onani ngati inaikidwa kuti izibwera payokha pambuyo pake. Zikakhala choncho, fayilo ikhoza kukhala inafika bwinobwino, koma kalisitiko kakukanika kulowa pa firewall yathu. Apa ndi pamene kutumizanso mwaphuma kumabala zikalata ziwiri.

Satifiketi imakhala ndi tsiku lothera, ndipo ikatha zonse zimaima nthawi imodzi popanda amene wakhudza kanthu. Lamulo la openssl x509 -in dzina-la-fayilo -noout -enddate likuuzani tsikulo m'kamphindi. Onaninso AS2-From ndi AS2-To chilembo ndi chilembo, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'zosiyana pamenepa, ndipo kampata kamodzi kotsalira kumapeto kamakwanira kukanitsa uthenga. Yankho la HTTP nalo limalankhula: 401 ndi dzina kapena pasiwedi, 403 ndi kukanizidwa kulowa, 404 ndi adiresi yolakwika, 500 kupita m'tsogolo vuto lili ku seva yawo. Kulumikizana kukamangodikira mpaka nthawi kutha, funsani ngati IP yathu yotulukira, adiresi yathu ya pa intaneti, yasintha. Kuno timakonda kukhala ndi mizere iwiri ya intaneti kuti wina ukaduka tidumphire pa wina, koma makampani ambiri akuluakulu amalola ma IP okhawo amene analembetsa, ndiye tsiku limene mwadumphiralo EDI imaima pamene maimelo akuyenda bwinobwino. Kugwirana chanza kwa TLS, njira yotetezera kulumikizana kwa maseva, kukakanika, kumbukirani kuti TLS 1.0 ndi 1.1 zinalengezedwa kuti zisiyidwe mu 2021, ndipo seva yakale imene sidziwa 1.2 ambiri sailandiranso.

Pa SFTP zimakhala zophweka pang'ono. Lowani nokha muone foda. Fayilo ilimo? Kukula kwake si ziro? Dzina lake likugwirizana ndi limene mbali inayo imafufuza? Vuto limene limabwerabwera ndi fayilo kutengedwa isanamalize kulembedwa, n'kufika yoduka. Mankhwala ake ndi kulemba ndi dzina longoyembekezera, monga lothera ndi .tmp, n'kusintha dzina ikatha.

Fayilo kufika sikuti yalandiridwa

MDN imangonena kuti envulopu yafika. Kuti zam'kati zawerengeka, umboni wake ndi wina: uthenga woyankha wotchedwa CONTRL pa EDIFACT, 997 pa X12. Mu 997 onani AK5 ndi AK9: A ndi kulandira, E ndi kulandira koma ndi zolakwika, R ndi kukana, ndipo AK3 ndi AK4 zikuuzani segment ndi malo enieni a vuto. Mu CONTRL nambala 7 ndi kuvomereza, 4 ndi kukana. Makampani ambiri mayankho amenewa amawalandira koma palibe amene amawawerenga. Ngati kwanu zili choncho, yambani kukonza pamenepo.

Chikalata chikakanidwa, tsegulani fayilo yeniyeniyo, monga inatulukira, mu pulogalamu yosavuta ngati Notepad++. Musaitsegule mu Excel kapena Word. Yambani ndi envulopu, ma segment otsegula ndi otseka fayilo. Pa X12, segment ya ISA iyenera kukhala ya zilembo 106 ndendende, mipata yomwe; chida china chikadula mipatayo, fayilo yonse siwerengeka. Onani ISA15: T ndi zoyesera, P ndi zenizeni. Ndaonapo invoisi ikufika bwinobwino, 997 n'kubwera ndi A, koma yapita ku sisitimu yawo yoyesera chifukwa T ija palibe anaisintha tsiku loyamba ntchito. Nambala ya mu ISA igwirizane ndi ya mu IEA, ya GS ndi GE, ya ST ndi SE. Pa EDIFACT, UNB igwirizane ndi UNZ, UNH ndi UNT, ndipo chiwerengero cha mu UNT chiphatikize UNH ndi UNT yomwe.

Pano ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi vuto lathu ife olemba Chichewa, ndipo alangizi a kunja salilota n'komwe. Mu EDIFACT, chizindikiro chomaliza segment ndi apositirofe, kachizindikiro komwe kaja timalemba mu ng'ombe, m'mudzi, pang'ono. Tsiku lina kumapeto kwa mwezi, kasitomala wina anakana invoisi imodzi mwa zambiri zimene tinatumiza tsikulo. IDoc inali pa 03, SM58 yoyera, mkhalapakati wobiriwira, MDN yabwera. CONTRL yokha ndi imene inali ndi 4, ikudandaula za segment yosadziwika ndi chiwerengero chosagwirizana. Tinaunika misonkho, mitengo, masiku, mpaka dzuwa kulowa, mutu utaima. Mnzanga wina, tiyi atamuzizirira patebulo, anaika chala pa sikirini nati, "Achimwene, taonani apa." Panali polembedwa IMD+F++:::CHAKUDYA CHA NG'OMBE'. Kompyuta ya anzathuwo itafika pa NG' inaona ngati segment yatha, ndiye OMBE inamuyesa segment yatsopano imene kulibe m'malamulo. Katunduyo anali atangolowetsedwa kumene mu sisitimu sabata yomweyo. Kalembedwe koyenera ndi NG?'OMBE, chifukwa chizindikiro cha funso chimauza wowerenga kuti chotsatiracho ndi chilembo wamba. Chida chabwino cha EDI chimaika chokha chizindikirochi, koma mapping yathu inali yolumikiza mawu pamanja, ndipo amene anailemba sanaganizeko za ng'ombe. Zizindikiro za +, : ndi ? nazonso zimafuna chitetezo chomwecho.

Mnzake wa vutoli ndi ŵ wa mu Malaŵi. Onani chiyambi cha UNB, pamene pamalembedwa mtundu wa zilembo zololedwa. UNOA imalola zilembo zazikulu zokha, UNOB imalola ndi zazing'ono, UNOC ndi ISO 8859-1, ndipo ŵ mu zonsezi mulibe. Adiresi ikakhala ndi chilembochi, chimafika chitasanduka zizindikiro zachilendo kapena fayilo imakanidwa. Mugwirizane ndi anzanuwo: mwina muzilemba w wamba potumiza, kapena nonse musamukire ku UTF-8 ngati zida zanu zikulola. Apositirofe yopindika imene Word imaika yokha, munthu akakopera dzina la katundu kuchokera m'kalata, nayonso imachita zomwezi.

Chikalata chikakhala chobwera kwa ife

Njira ndi yomweyi, kungoti mukuyenda chobwerera: msewu, mkhalapakati, kenako WE02. Status 64 ndi IDoc imene yafika koma ikudikira RBDAPP01, ntchito yoilowetsa. Status 56 kawirikawiri ndi partner profile: wotumizayo kapena mtundu wa uthengawo mulibe mu WE20. Status 60 ndi kalembedwe. Status 53 ndiye kuti chikalata chalowa. Imene muzikumana nayo kwambiri ndi 51, kutanthauza kuti IDoc ili bwino koma SAP yakana kulemba chikalatacho. Dinani pa status muwerenge uthenga wonse, osati mzere woyamba wokha.

Zambiri za 51 si za IT, ndi za kaundula wa katundu ndi makasitomala. Kasitomala waitanitsa ndi nambala yake ya katundu imene sinalumikizidwe ndi yathu. Nthambi yake yatsopano ili ndi GLN, nambala ya manambala 13 yozindikirira malo, ya bungwe la GS1, imene ife sitinailembe. Mwezi wa zachuma watsekedwa. Munthu wina watsegula oda yomweyo pa kompyuta yake n'kupita kokadya nsima. Samalani kwambiri ndi miyezo, chifukwa iyi imatha kudutsa osafiira n'komwe: iwo akuti PCE kutanthauza botolo limodzi, ife tamasulira kuti katoni, ndiye oda ya mabotolo 240 yasanduka makatoni 240. Samalaninso ndi manambala amene adutsa mu Excel, imene imadya maziro a kutsogolo ndipo GLN imaionetsa ngati 6.00E+12. Wina akasunga fayiloyo ngati CSV n'kuilowetsa mu tebulo lomasulira, manambala enieni atayika.

Musakonze kaundula nokha ngati si wanu. Mtumizireni mwini wake nambala ya IDoc ndi uthenga wonse, akonze iye. Mukamakonza mwakachetechete, mwezi wamawa vutolo libweranso, ndipo iye sadzadziwa kuti linachitikapo.

Pomaliza, kutumizanso

Mukapeza pamene chinaima ndipo mwakonza, yambitsani kuchokera pomwepo, osati kuchiyambi. IDoc ya 51 kapena 02 iyendetseninso mu BD87, imene imagwiritsa ntchito IDoc yomweyo. Yokakamira mu SM58 iyendetseni mu SM58 momwemo. Yogwera kwa mkhalapakati iyambitseni mu monitor yake. WE19 isiyeni ku sisitimu yoyesera: imapanga IDoc yatsopano, yakale ija n'kutsala ikudikira tsiku limene wina adzaiyendetse osadziwa. Ngati mwakakamizika kusintha zam'kati mwa IDoc yolowa, SAP imasunga yoyambayo pa status 70, yosinthidwayo n'kukhala pa 69, ndipo ndi bwino kulemba chifukwa chake penapake poti a odita adzafunsa. Imene siidzafunikanso itsekeni, 68 kwa zolowa ndi 31 kwa zotuluka, kuti isamasokoneze maso mawa.

Chikalata chikakhala kuti chinafika kale kwa anzathuwo n'kukanidwa, alankhuleni musanatumize. Ambiri amakana nambala ya envulopu imene anailandirapo, choncho fayilo yatsopano ifuna nambala yatsopano mu ISA kapena UNB, pamene nambala ya invoisi ikhale yomweyo. Powalembera musangoti EDI siikugwira ntchito. Apatseni Message-ID ya AS2 kapena dzina la fayilo, nambala ya envulopu, nambala ya chikalata, ola ndi UTC yake, ndi zimene MDN kapena CONTRL inanena. Ndi zimenezi munthu wa kumeneko apeza uthengawo m'mphindi zochepa.

Mukatumiza, khalani pomwepo mpaka muone MDN, kenako CONTRL kapena 997 yovomereza. Dziwaninso kuti sisitimu yawo ya zachuma ikhoza kukana chikalata chimene kalembedwe kake n'kolondola, mwachitsanzo mtengo ukasiyana ndi wa pa oda, ndipo kukana kumeneko kumabwera padera, mu uthenga wa APERAK kapena X12 824, mwinanso pa imelo chabe kwa munthu wa malonda. Muimbireni amene anakuimbirani uja, mumupemphe afunse kasitomala ngati invoisi ikuoneka pa sikirini yake. Akavomera, fufuzani mu WE02 ma IDoc ena a sabata yomweyo amene ali ndi katundu yemweyo kapena nthambi yomweyo, chifukwa invoisi ya ng'ombe ija inali ndi zinzake zitatu zimene zinali zisanatuluke.